Nyumba iliyonse ikhale ndi alumali ya zovala

1. Malaya asowa

Kwaca. Mwana wadzuka. Wasamba m'maso. Tsopano afuna kuvala kuti apite kusukulu. Koma malaya ake sakuoneka.

— Amayi, malaya anga a kusukulu ali kuti?

— Yang'ana m'thumbamo, mwanangu. Ine ndili pamoto.

Thumbalo lili pangodya ya cipinda. Ndi thumba lakale la feteleza. M'menemo muli zovala za anthu onse a m'nyumba. Muli mathalauza a abambo. Muli makapulana a amayi. Muli matewera a khanda ndi majuzi a nthawi yozizira.

Mwana atulutsa covala cimodzi, aponya pansi. Atulutsa cina, aponyanso pansi. Malaya ake ali pansi penipeni pa thumba. Ndi okwinyika. Akununkha cuku. Kumsana kwake kuli cibowo. Khoswe waboola usiku.

Mwana avala malaya omwewo, nathamanga. Afika kusukulu mocedwa. Anzake ayamba kale kuwerenga. Iye akhala kumbuyo, natsamira khoma kuti abise cibowo. Aphunzitsi afunsa funso. Mwana adziwa yankho, koma sakweza mkono. Aopa kuimirira. Aopa kuti anzake aona cibowo, namuseka.

Izi zimacitika m'nyumba zambiri. Mwana sanalakwe. Amayi nawonso sanalakwe. Anacapa malayawo ndi sopo, nawayanika bwino. Vuto ndi limodzi: zovala za m'nyumba imeneyi zilibe malo ake.

Cifukwa cake nyumba iliyonse iyenera kukhala ndi alumali ya zovala. Nyumba ya udzu iyenera kukhala nayo. Nyumba ya malata iyeneranso kukhala nayo. Ndipo pa alumali imeneyo, thabwa limodzi likhale la mwana, lotsika, pamene dzanja lake lifika.

2. Kodi alumali ndi ciyani?

Alumali ndi matabwa ogona, oikidwa lina pamwamba pa linzake, ndi mpata pakati. Pamatabwa amenewo anthu amaikapo zinthu. Kusitolo, sopo ndi mcere zimakhala pa alumali. Kucipatala, mankhwala amakhala pa alumali.

Liwu lakuti alumali lili pacibale ndi liwu la Cipwitikizi lakuti armário. Anthu ena amati shelefu. M'Cipwitikizi, thabwa limodzi la alumali amati prateleira. Kabati yaikulu ya zovala, yokhala ndi zitseko, amati guarda-fato.

Alumali si cinthu cacilendo pamudzi. Kuseri kwa nyumba kuli thandala. Mbale zikatsukidwa zimaikidwa pathandala, kuti agalu ndi nkhuku zisazifikire. Thandala ndi alumali ya mbale. Cimanga cili ndi nkhokwe yake, yokwezedwa pamiyala. Nkhunda zili ndi khola lawo m'mwamba. Makolo akale anadziwa kuti cinthu cofunika sicikhala padothi.

Mbale zili ndi malo. Cimanga cili ndi malo. Nkhunda zili ndi malo. Nanga zovala zokha ziunjikidwiranji pansi?

3. Adani a zovala

Covala cokhala pansi cili ndi adani ambiri.

Mdani woyamba ndi cinyezi. Kumapiri a Angónia, Tsangano ndi Macanga mvula imagwa yambiri, kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Malici. Sukulu imatsegulidwa mvula ili pakati. Nthawi imeneyo pansi pa nyumba pamanyowa. Thumba lokhala pansi limayamwa cinyezi. M'thumba simulowa mphepo. Cuku cimakonda malo otere: onyowa, amdima, opanda mphepo. Cimasiya timadontho takuda pansalu. Timadontho timeneti siticoka msanga, ngakhale ndi sopo. Pambuyo pake nsalu imaola, ning'ambika.

Mdani waciwiri ndi ciswe. Ciswe cimakhala m'dothi. Cimamanga tinjira tadothi pakhoma, nicikwera. Cikapeza thumba logunda pansi kapena pakhoma, cimalowa osaoneka. Cimadya nsalu ya thonje, mapepala ndi mabuku. Mwini wake amazindikira zinthu zitaonongeka kale.

Mdani wacitatu ndi khoswe. Khoswe amafuna malo ofunda oberekeramo ana. Mulu wa zovala ndiwo malo amene amakonda. Amaluma nsalu, namanga cisa. Amasiyamo mkodzo ndi zitosi, zimene zimabweretsa matenda. Mphemvu nazo zimabisala momwemo. Nthawi zina mumabisala cinkhanira. Mwana akapisa dzanja m'thumba, cinkhanira cimamuluma.

Alipo matenda ena oyenda ndi zovala. Mphere ndi nthenda yoyabwa. Kacirombo kake ndi kakang'ono kwambiri. Kamacoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake akakhudzana khungu. Kamathanso kukhala m'covala kapena m'bulangete masiku 2 kapena 3. Ngati zovala za wodwala zili m'thumba limodzi ndi za ena, kuzipatula kumavuta. Koma munthu aliyense akakhala ndi malo ake, zovala za wodwala zimadziwika msanga, nizicapidwa pazokha ndi madzi otentha. Wodwalayo apite kucipatala, cifukwa alumali siiciza mphere. Imangothandiza kuti nthenda isazungulire nyumba yonse.

Iliponso nchenche ina imene imaikira mazira padothi pamene pagwera mkodzo, ndiponso pazovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mazira akaswa, kamphutsi kamalowa m'khungu la munthu. Pamenepo pamatuluka cotupa conga cithupsa. Ana aang'ono amavutika naco kwambiri. Cifukwa cake zovala ziyanikidwe pacingwe, padzuwa, ndipo zisitidwe ndi simbi ya makala. Kutentha kwa simbi kumapha mazira. Koma covala cositidwa cimafuna malo oyera ndi ouma okhalapo. Cikaponyedwa m'thumba pamodzi ndi zakuda, sopo ndi makala zapita pacabe.

Adani onsewa amakonda zinthu zitatu: dothi, mdima ndi mulu. Alumali imakweza zovala kucoka padothi. Imalola mphepo ndi kuwala kudutsa. Imaphwasula mulu.

4. Mtolo wa agogo

Agogo ena amasunga zovala zawo mumtolo, zomangidwa m'kapulana, pafupi ndi khomo. Ana asawaseke. Mtolo umenewo uli ndi mbiri yake.

M'dziko la Moçambique munali nkhondo ya zaka 16. Nthawi imeneyo munthu sanali kudziwa ngati agona m'nyumba mwake mpaka kuca. Mfuti zikalira usiku, amayi anali kubereka mwana, kusenza mtolo ndi kuthawa. Wosunga zovala mumtolo anali wanzeru. Anthu oposa 1,000,000 anathawira ku Malawi. Ambiri a ku Angónia anakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Roma, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere. Caka ciliconse, tsiku limeneli ndi Tsiku la Mtendere, ndipo ana sapita kusukulu. M'zaka za 1993 ndi 1994 anthu ambiri anabwerera kwawo. Anapeza nyumba zitagwa, minda itasanduka chire. Anamanganso nyumba, nkhokwe, makola ndi masukulu. Nchito inali yambiri, ndalama zinali zocepa. M'nyumba zambiri zovala zinatsala mumtolo ndi m'thumba. Ana amene anakula nthawi imeneyo anazolowera zimenezo, ndipo tsopano ndiwo makolo.

Mtolo ndi wabwino kwa munthu wa paulendo. Koma banja limene labzala mitengo pakhomo, nililembetsa mwana kusukulu, silili paulendo. Lakhazikika. Zovala zake nazo zikhazikike.

5. Zimene ena amanena

Ena amati: “Alumali ndi ya anthu olemera.”

Zoona, kabati ya kwa mmisiri wa m'tauni, yokhala ndi zitseko ndi galasi, imafuna ndalama zambiri. Si banja lililonse lingaigule. Koma alumali siifuna galasi. Siifuna zitseko. Imafuna mitengo inayi, matabwa kapena nsungwi, ndi misomali pang'ono. Popanda misomali, waya kapena luzi zimagwira nchito. Munthu amene adziwa kumanga thandala adziwanso kumanga alumali. Ngati mitengo ili youma kale, nchito imatha tsiku limodzi.

Ena amati: “Zovala zathu n'zocepa. Alumali ya ciyani?”

Apa mpofunika kuwerenga bwino. Mwana ali ndi malaya 2. Khoswe waboola 1. Atsala angati? Atsala 1. Theka la malaya ake lapita usiku umodzi. Munthu wa malaya 10 akataya 1, satekeseka. Wa malaya 2 ndiye ayenera kusamala koposa. Ngakhale covala ca kaunjika, cimene ena amati kalamidadi, sicibwera caulere. Cimagulidwa ndi ndalama za mbatata, za nyemba kapena za fodya. Ndalama zimenezo zimabwera pambuyo pokolola, si mwezi uliwonse. Covala cikaonongeka mu Febuluwale, cina cidzagulidwa liti?

Ena amati: “M'cipinda muli cingwe kale.”

Cingwe ndi cabwino. Covala cimene cavalidwa lero cipacikidwe pacingwe kuti thukuta liume. Deresi lalitali ndi jekete zimakhala bwino pacingwe. Koma cingwe cimamangidwa m'mwamba, ndipo mwana safikira. Akakoka covala cimodzi, zonse zimagwa. Zovala zikaculuka, cina cimaphimba cinzake, ndipo camkati sicioneka. Makoswe nawo amayenda pacingwe ngati pamlatho. Cingwe cikhale, koma alumali ikhalenso.

Ena amati: “Ife tili ndi sutikesi ya loko.”

Sutikesi ndi yabwino posunga zovala za kuchalichi ndi za paukwati. Koma iikidwe panjerwa, isagunde pansi. Zovala zake zitulutsidwe padzuwa nthawi ndi nthawi, cifukwa m'sutikesi simulowa mphepo. Zovala za tsiku ndi tsiku sizifuna loko. Kiyi akapita ndi abambo kumunda mbandakuca, mwana avala ciyani?

6. Kapangidwe ka alumali

Gawo ili makolo awerenge pamodzi ndi mwana.

Zofunika ndi izi:

mitengo 4 yowongoka, yotalika masentimita 150;
timitengo 6 topingasa, ta masentimita 40;
matabwa 3 otalika masentimita 90, a masentimita 30 m'lifupi, kapena nsungwi zong'amba;
mtengo 1 woonda, wa masentimita 170;
miyala 4 yathyathyathya;
misomali, waya kapena luzi;
kapulana wakale.

Mitengo ya bulugamu ndi yabwino cifukwa ndi yowongoka. Idulidwe m'munda wa banja, kapena ipemphedwe kwa mwini wake. Isendedwe makungwa, niiumitsidwe pamthunzi. Mtengo wauwisi ukamauma umacepa ndi kupindika, ndipo misomali imakhwefuka. Nsungwi zikhale zokhwima. Zanthete zimafumbwa msanga. Ngati thabwa lalikulu palibe, matabwa awiri aang'ono ogundana akwanira.

Coyamba ndi kusankha malo. Akhale malo amene denga silidontha. Akhale kutali ndi moto ndi utsi.

Caciwiri ndi kuyeza. Mwana wa zaka 6 amatalika pafupifupi masentimita 115. Thabwa lake likhale masentimita 60 kucokera pansi. Rula ya kusukulu ya masentimita 30 ikagona kawiri, ndiwo muyeso umenewo. Ngati rula palibe, mwana aimirire pafupi ndi mtengo. Abambo alembe ndi khala pamene pafika ciuno cake. Thabwa laciwiri likhale masentimita 95 kucokera pansi. Lacitatu likhale masentimita 130.

Cacitatu ndi kupanga makwerero awiri. Mitengo iwiri igonekedwe pansi. Timitengo titatu tikhomedwe mopingasa, pamene palembedwa ndi khala. Awo ndi makwerero oyamba. Aciwiri apangidwe cimodzimodzi. Miyeso ifanane, kuti matabwa asadzapendekeke.

Cacinayi ndi kuimika. Makwerero awiriwo aimirire moyang'anana, mwendo uliwonse pamwala wake. Mwendo wokhala pamwala suyamwa cinyezi, ndipo ciswe cikafuna kukwera, kanjira kake kamaonekera pamwalapo. Matabwa agonekedwe patimitengo topingasa, nakhomedwe. Pakati pa makwerero pasapitirire masentimita 80 kapena 90. Thabwa lalitali kwambiri limapindika pakati likalemedwa.

Cacisanu ndi mtengo wakumbuyo. Mtengo woonda uja ukhomedwe mopendekeka, kucokera pangodya ya kumwamba mbali ina kufika pangodya ya pansi mbali inayo. Anthu ambiri amaiwala mtengo umenewu. Popanda iwo, alumali imagwedera uku ndi uku, ndipo tsiku lina imagwa.

Cacisanu ndi cimodzi ndi kuona ngati matabwa agona bwino. Nchito iyi ndi ya mwana. Aike mbale ya madzi pathabwa. Ngati madzi apendekera mbali imodzi, mbali imeneyo ndiyo yatsika. Pansi pa mwendo wake paikidwe kamwala kena.

Cacisanu ndi ciwiri ndi kumangirira. Alumali isagunde khoma. Pakhale mpata wokwana dzanja la munthu wamkulu, kuti mphepo idutse ndi kuti ciswe cioneke. Koma kumwamba kwake kumangiriridwe ndi waya ku nsanamira kapena ku phaso la denga.

Comaliza ndi kapulana. Apacikidwe kutsogolo ngati katani, kuti fumbi ndi mwaye zisagwere pazovala.

M'nyumba ya njerwa, matabwa angathe kugona paziciri zolimba kapena pazitsulo zokhomedwa m'khoma. Pamenepo ndi bwino kufunsa mmisiri. Banja lokhala m'nyumba ya lendi lipemphe kwa mwini nyumba lisanaboole khoma. Alumali ya miyendo ili ndi ubwino wake: posamuka imanyamulidwa.

7. Kusanja zovala

Alumali yaima. Tsopano thumba likhuthulidwe panja, pamphasa, tsiku la dzuwa. Zovala zigawidwe m'milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zovala zabwino. Waciwiri ndi wa zofuna kusoka. Wacitatu ndi wa zimene zacepa. Zocepazo zipatsidwe kwa mng'ono kapena kwa mwana wa m'nyumba ina. Zosasokeka zikhale zigamba. Zonunkha cuku zicapidwenso.

Thabwa la pansi ndi la ana. Thabwa la pakati ndi la amayi ndi abambo. Thabwa la pamwamba ndi la zinthu zosafunika tsiku ndi tsiku, monga mabulangete ndi majuzi. Mu Juni ndi Julayi, pamene kumapiri kumazizira kwambiri, juzi la mwana litsike, libwere pathabwa lake. Nsapato zikhale pansi pa alumali, panjerwa. Simbi ndi zinthu zina zolemera zikhalenso pansi.

Pathabwa la pamwamba pakhalenso mapepala a banja: kalata ya kubadwa, imene ambiri amati cédula, khadi la kusikelo, ndi zitupa. Akulungidwe m'pulasitiki. Mu Januwale 2022, namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè, ndipo madzi analowa m'nyumba zambiri pafupi ndi mzinda wa Tete. Madzi akalowa m'nyumba, cimene cili pansi ndico ciyamba kuonongeka. Ndipo ngati banja liyenera kutuluka msanga, mapepala okhala pamalo amodzi odziwika amatengedwa osafunafuna.

Covala cikwere pa alumali citauma bwinobwino. Covala cimodzi conyowa cimapatsa cuku zinzake zonse. Covala cakuda cipite m'dengu la zocapa. Zovala zisasanjikizidwe zoposa 4 kapena 5, cifukwa mulu wautali umagwa.

Loweruka lililonse pansi pa alumali pasesedwe. Wosesa ayang'ane miyala ndi khoma. Akaona kanjira ka ciswe, akaphwanye pomwepo.

8. Ngozi zoyenera kupewa

Alumali si makwerero a mwana. Mwana akakwerapo, alumali ingamugwere ndi kumupweteka kwambiri. N'cifukwa cake iyenera kumangiriridwa. N'cifukwa cakenso shuga, masikono ndi ndalama zisaikidwe pathabwa la pamwamba. Mwana akadziwa kuti kumwamba kuli cokoma, adzakwera.

Koloboyi, kandulo ndi macesi zisakhale pa alumali ya zovala. Nsalu imagwira moto msanga, ndipo pamwamba pake pali denga la udzu.

Palafini, mankhwala a cimanga, mankhwala a makoswe ndi a kumunda asakhale pafupi ndi zovala. Ali ndi poizoni. Amalowa m'nsalu, nafika pakhungu la mwana. Asungidwe kwina, kumene mwana safikako.

Cakudya cisasungidwe pamodzi ndi zovala. Cimaitana makoswe ndi mphemvu.

Msomali wotulukira kunja upindidwe ndi nyundo. Thabwa lokhakhala lipalidwe ndi mpeni. Zikapanda kutero, zimang'amba nsalu ndi kubaya zala.

9. Thabwa la mwana

Makolo ena amati: “Mwana ndi wamng'ono. Adzangosokoneza.”

Koma mwana wa zaka 6 amatunga madzi. Amapirikitsa nkhuku pamphale. Amalera mng'ono wake amayi ali kumtsinje. Mwana wotere angalephere kupinda malaya?

Kupinda malaya n'kosavuta. Mwana ayale malaya pamphasa, kutsogolo kwake kuyang'ane pansi. Apindire mkono umodzi kumsana. Apindirenso mkono winawo. Atenge kumunsi, akumanitse ndi kukhosi. Basi, malaya apindidwa.

Masiku oyamba adzapinda mokhota. Asakalipiridwe. Asamenyedwe. Aonetsedwenso kaciwiri ndi kacitatu. Akulu anati m'mera mpoyamba. Amayi akamapinda okha tsiku lililonse cifukwa ca kufulumira, mwana adzafika zaka 15 akufunsabe kuti: “Malaya anga ali kuti?”

Nchito imeneyi si ya atsikana okha. Mnyamata amavala malaya. Apindenso malaya. Mtsikana nayenso angathe kugwira rula ndi kupatsira misomali pomanga alumali.

Ngati ana ali awiri kapena atatu, thabwa ligawidwe ndi mzera wa khala kapena wa coko. Mwana aliyense alembe cilembo coyamba ca dzina lake pamalo ake. Akadziwa kulemba bwino, alembe dzina lonse. Kumapeto kwa thabwa kukhale buku ndi kope lake, m'kathumba ka pulasitiki. Mabuku a kusukulu ya pulayimale amaperekedwa ulere, koma ciswe cikadya buku pakati pa caka, lina silipezeka msanga.

Mwana wokhala ndi thabwa lake amaphunzira zambiri. Amawerenga zovala zake: malaya 2, kabudula 1, juzi 1. Cimodzi cikasowa, amadziwa tsiku lomwelo. Batani likathothoka, amaona, nauza amayi. Kabowo kakang'ono kamasokedwa lero, kasanakule. Amadziwa cakuda ndi coyera. Amadziwa cake ndi ca mnzake.

Makolo nawo alemekeze thabwa limeneli. Asaikepo sopo, fodya kapena zovala za alendo. Anapatsa mwana, likhale la mwana. Pamenepo mwana adziwa kuti akulu amamukhulupirira.

10. Malaya apezeka

Kwacanso. Mwana wadzuka. Wasamba m'maso. Amayi ali pamoto. Mwana safunsa kanthu. Apita ku alumali, akankha kapulana. Malaya ali pamalo ake, pamene anawaika dzulo madzulo. Ndi ouma. Alibe cibowo. Buku ndi kope zili pambali.

— Amayi, ndapita!

— Wavala kale? Bwera umwe phala, mwanangu. Nthawi ilipo.

Mwana amwa phala atakhala pansi. Afika kusukulu belu lisanalire. Akhala kutsogolo. Aphunzitsi afunsa funso. Mwana akweza mkono, naimirira.

Banja limene lilibe alumali lisadikire ndalama za kabati. Mitengo idulidwe tsopano, kuti iume mvula isanabwere.

Mafunso

1. Kodi malaya a mwana anali kuti tsiku loyamba?
2. Kodi adani atatu a zovala ndi ati?
3. N'cifukwa ciyani miyendo ya alumali imakhala pamiyala?
4. N'cifukwa ciyani koloboyi saikidwa pa alumali ya zovala?
5. Kodi thabwa la alumali amati ciyani m'Cipwitikizi?

Nchito ya kunyumba

Mwana awerenge zovala zake zonse, nalembe nambala yake m'kope. Ajambule alumali ya matabwa atatu. Aonetse makolo cithunzico, ndipo asankhe pamodzi malo amene alumali idzaima.